Kiyibodi ikapsa pa ukwati, amalipira ndani?

Kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ambiri amandidziwa ngati mnyamata wa kiyibodi, ngakhale imvi zayamba kale kuoneka. Ndimayimba m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo chilimwe chikafika, anthu atagulitsa fodya ndi mbatata, Loweruka lililonse ndimakhala pa ukwati, kaya ku Domue, kaya ku Tsangano, nthawi zina mpaka ku Furancungo. Zida zanga sizambiri: kiyibodi ya Yamaha, amplifaya, mikisa yaing'ono, masipika awiri a mainchesi 15 ndi maikolofoni. Palibe amene anandipatsa. Zonse zinatuluka m'dimba la kachewere, chimodzichimodzi, chaka ndi chaka.

Mu Seputembala ndinaitanidwa ku ukwati wina kumudzi wa kuseri kwa phiri la Domue. Kumeneko mawaya a magetsi sanafike. Chimenechi chimandipweteka mtima nthawi zonse, chifukwa damu la Cahora Bassa, lomwe limatulutsa mamegawati 2,075, lili m'chigawo chathu chomwechino cha Tete, koma magetsi ambiri amapita ku South Africa, ife n'kumadalira jenereta. Eni ukwati anabwereka kajenereta kakang'ono ka petulo, ka mtundu wopanda chowongolera mphamvu ya magetsi. Pa kajenereta komweko analumikizanso filiji yoziziritsa zakumwa. Filiji ikangoyamba kulira, magetsi amatsika. Ikasiya, amalumpha kupitirira mavoti 220 amene zida zimafuna. Ndinawapempha kuti achotse filijiyo, anaichotsa, koma ine nditatanganidwa ndi pelekanipelekani wina anaibwezeranso.

Kenako petulo anatha nyimbo ili pakati. Ndinali nditawauza kuti zikatero andidikire ndizimitse kaye zida zonse. Mnyamata wa jenereta, poona kuti anthu ayamba kukuwa, anathira petulo n'kukoka chingwe nthawi yomweyo, zonse zili zoyatsa. Sipika inaphulika phokoso limodzi, kenako zii. Fungo la pulasitiki wopsa linatuluka mu amplifaya. Kiyibodi sinayakenso.

M'mawa mwake ndinakhala pansi ndi malume a mkwatibwi, munthu wamkulu ndi waulemu. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati, "Pepani mwana wanga, imeneyi ndi ngozi. Ngozi sisankha." Ndinati, "Bambo, ndamva, koma ngoziyi yagwera katundu wanga yekha." Anandipatsa ndalama zonse zomwe tinapangana, mametikali 3,000, n'kuwonjezerapo nkhuku ya tambala. Sindikuwanena kuti ndi oipa mtima. Sankadziwa kuti chapsacho chimagulidwa ndalama zingati, ndipo nditawauza anangogwira pakamwa.

Amplifaya ndinapita nayo ku Tete, ulendo wa makilomita opitirira 200 pa chapa, minibasi ya kuno, nditaifungatira pamiyendo chifukwa sindingalole kuti aimangirire pamodzi ndi matumba a chimanga. Mmisiri anapeza kuti matransisita otulutsa mawu apsa onse a mbali imodzi. Anaikonza, koma kuphatikiza thiransipoti ndi chakudya, ndalama za ukwati uja zinathera pomwepo, n'kutapanso zina m'thumba. Kiyibodi ndiye anangoitsegula n'kupukusa mutu. Adaputala yake ya mavoti 12 inapsa, ndipo moto unadutsa mpaka pa bolodi yaikulu ya mkati. Bolodi imeneyo sagulitsa pamsika. Pamafunika kupeza kiyibodi ina yakufa ya mtundu womwewo n'kuchotsamo, kapena kuitanitsa kunja n'kudikira miyezi. Yatsopano yofanana nayo anandiuza kuti ndi mametikali 22,000.

Ndinayesanso ku Lilongwe, podzera pa chipata cha Calomue, poti kwa ife a ku Angónia kumeneko n'kufupi kusiyana ndi ku Tete. Kale tinkapezako zinthu zotsikirako mtengo. Koma kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa zida zochokera kunja anakweza mitengo, ndipo ukawerengera msonkho wa pachipata palibe chimene wapulumutsa.

Chimene chimandivuta kwambiri si mtengowo ayi, koma mmene anthu amaonera zida zimenezi. Ng'oma ya gule ikang'ambika, mudzi wonse umadziwa chochita: chikopa cha ng'ombe chimapezeka, mmisiri wokhomera zikhomo alipo, phula alipo, ndipo pasanathe sabata mbalule ikulira. Anthu amatengera maganizo omwewo pa kiyibodi, kuti chawonongeka chikonzedwa, palibe nkhani. Ndiye amabwereka mosavuta. Achinyamata a kumpingo abwereka amplifaya pa msonkhano, n'kulumikizapo masipika anayi kapena asanu pa waya umodzi kuti phokoso lifike kumsika. Sadziwa kuti masipika awiri a maohm 8 ukawaphatikiza amatsika kufika pa 4, anayi amafika pa 2, ndipo amplifaya yambiri siingapirire zimenezo. Imatentha mpaka kupsa. Ena amakweza voliyumu mpaka nyali yofiira ingokhala yoyaka, mawu akusweka, ndipo koyilo ya sipika imapsa pang'onopang'ono. Akabweza amati, "Inali ikulira bwino dzulo."

Mnzanga wina woimba gitala ku Moatize zinamuonekera mwa njira ina. Wobwereka anasiya gitala yake m'galimoto yotseka mu Novembala, nthawi imene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40. Guluu anasungunuka, kathabwa kogwira nsambo kanamatuka, khosi la gitala n'kupindika. Wina anamuwotchera kabokosi kosinthira mawu a gitala pongolowetsa adaputala yolakwika, poti mutu wake unkakwana pabowo. Mutu kukwana sindiye kuti zagwirizana: zina zimafuna mavoti 9, zina 12, ndipo pa zina mbali ya pulasi ili pakati pomwe pa zina ili kunja. Nayenso anangouzidwa pepani.

Za makoswe amene amatafuna mawaya m'bokosi la sipika nthawi ya dzinja, kapena fumbi la mu Okutobala limene limalowa pansi pa makiyi mpaka ena osalira, zimenezo ndi zanga, ndimazisamala ndekha ndipo sindidandaulira munthu.

Kutchalitchi ndinakaika nkhaniyi pamaso pa akuluampingo. Ndinapempha kuti kwaya ikhale ndi thumba la zida, aliyense azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti chida chikatuluka chizilembedwa m'buku ndi dzina la wotenga. Amayi a tcheya anagwirizana nazo nthawi yomweyo. Bambo wina anati kulemba m'buku ndi kusakhulupirirana pakati pa abale. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndalama za chopereka timaziwerenga anthu atatu n'kusaina, ndipo palibe amene anakhumudwapo. Bukulo linagulidwa.

Pa maukwati ndasintha kachitidwe. Ndinagula sitebilaiza, chowongolera mphamvu ya magetsi, ya mawati 2,000, ndipo ndimayenda ndi kamita koyezera magetsi m'thumba la jekete. Ndisanatsitse katundu ndimakaona jenereta, ndipo ngati pali filiji ndimapempha kuti aipezere ina. Amplifaya ndimaiyatsa pomalizira ndi kuizimitsa poyambirira. Chachikulu, ndimakhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri tsiku lisanafike, n'kulemba pakapepala kuti chida chikawonongeka chifukwa cha jenereta yawo kapena anthu awo, mtengo tigawana pakati. Mabanja ena amasaina osavuta. Ena amati ndayamba kudzimva, n'kukaitana mnyamata wa fulashi ndi sipika imodzi. Kiyibodi imene ndikuimbira pakali pano ndi ya aphunzitsi ena opuma pantchito, amene anandibwereka titalemberana pepala lomwelo, ndipo ndiwabwezera ndikakumba mbatata ya m'dimba.