Buleki Ikayamba Kuvuta, Yambani Kufufuza ndi Phazi

Musanagule chipangizo chilichonse, yesani pedulo ya buleki galimoto ili chiimire. Injini ili yozima, pondani kanayi kapena kasanu mpaka pedulo iume, ndiye mulize injini phazi lili pompo. Pedulo iyenera kutsika pang'ono. Ikakana, ndipo pamsewu mumachita kuiponda mwamphamvu kuti galimoto iime, kaonani booster, chipangizo chowonjezera mphamvu ya phazi pa buleki, ndi paipi ya raba yobweretsa vacuum (mphamvu yokoka mpweya) kuchokera ku injini. Kawirikawiri paipiyo imakhala yang'ambika polumikizira. Pa galimoto ya dizilo vacuum imachokera ku kapampu kake, ndiye muonenso komweko.

Tsopano pondani mosalekeza kwa theka la miniti. Pedulo ikamatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, tsegulani boneti muone mafuta a buleki. Ngati achepa, pali podontha: yang'anani mkati mwa tayala lililonse, makamaka akumbuyo okhala ndi drum, poti wheel cylinder, kachipangizo kokankha nsapato za buleki, ikatha imazinyowetsa. Koma ngati mafuta ali pa MAX ndipo pansi ndi pouma, maraba a mkati mwa master cylinder, pampu imene pedulo imakankha, atha, mafuta akungozungulira momwemo. Apa kuthira mafuta ena n'kutaya ndalama chabe.

Pedulo yofewa imene imalimba mukapopa kawiri katatu ndiye kuti m'mapaipi muli mpweya. Pamafunika kublida, kutulutsa mpweyawo: anthu awiri, wina kupopa wina kutsegula nipo, kabawuti kotulutsira mafuta ku tayala, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder, ndipo kabotolo ka mafuta a buleki ka mu boneti kasaume pakati pa ntchitoyo.

Vuto limene ambiri amalinyozera ndi mafuta okalamba. Mafuta a buleki a mtundu wa DOT 3 ndi DOT 4 amayamwa chinyezi. DOT 3 watsopano amawira pa madigiri 205 Celsius, koma wachinyezi akhoza kuwira pa 140 basi. Potsika Khwekhwelere kapena Chiweta phazi lili pa buleki njira yonse, mafutawo amawira, nthunzi imapangika m'mapaipi, pedulo n'kupita pansi osagwira. Galimoto ikazizira buleki imabwerera, dalaivala n'kumaganiza kuti zatha, chonsecho vuto lilipobe. Sinthani mafuta pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo potsetsereka muzitsika ndi giya yaing'ono. Musasakanize DOT 5 ndi DOT 3 kapena DOT 4, ndipo oilo wa injini asayandikire n'komwe, amatupitsa maraba onse.

Pedulo ikamanjenjemera pa phula mukaponda muli pa liwiro, ma disc sali osalala. Pamsewu wafumbi, kunjenjemera kobwera mukaponda mwadzidzidzi ndi ABS, yoletsa matayala kuuma n'kumakhwekhwereza, ikugwira ntchito yake, musachotse phazi.