Nyumba yakale isanasanduke malo osungiramo za makolo

Pa maphunziro a kasungidwe ka zinthu zakale, mfundo imene yandikhala mumtima ndi yakuti nyumbayo ndiye katundu woyamba wofunika chisamaliro. Stone House ya ku Livingstonia, momwe mmishonale Dr Robert Laws ankakhala, lero ndi miyuziyamu, malo osungiramo ndi kuonetseramo zinthu zakale. Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, imasunga mabuku ndi zolembedwa zakale za Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino. Kuno ku Kasungu zilipo nyumba zakale za m'maesiteti a fodya, za makhonde aakulu, zimene zingathe kugwira ntchito yomweyi. Koma kulowetsamo katundu denga likudontha ndi kum'pereka ku chiswe.

Choyamba ndi denga ndi ngalande zozungulira nyumba, kuti madzi a mvula asamaime m'mbali mwa maziko. Kenako makoma. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kukongoletsa: amapaka pulasitala wa simenti pa njerwa zomwe zinamangidwa ndi dothi kapena laimu. Simenti imatsekera chinyontho m'kati, njerwa n'kuyamba kufumbutuka, pulasitalayo n'kumagwa zibenthuzibenthu. Khoma lotere limafuna laimu, gawo limodzi pa magawo atatu a mchenga.

Katundunso amabwera ndi adani ake. Mukaona kaufa pansi pa lichero, chipande kapena mtondo, dziwani kuti tizilombo tili m'kati. Chinthucho chikulungidwe bwino m'pulasitiki, chikhale m'firiji yozizira kufika -20°C kwa sabata yathunthu, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali masiku ayambe kuwerengedwanso. Ng'oma isalowemo, chifukwa chikopa chokunga chikhoza kung'ambika. Mashelefu atalikire pansi masentimita 15, asagunde khoma, kuti njira za chiswe zizioneka msanga. Nsalu zikhale kutali ndi zenera, dzuwa limazisuwitsa.

Koma ntchito imene ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa zonse ndi ya kaundula. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala yake, ndipo m'buku mulembedwe dzina lake, amene anachipanga, mudzi ndi mfumu yake, chaka chimene chinalandiridwa ndiponso ntchito yake. Mtsuko wofululira mowa wa pamaliro ndi mtsuko wotungira madzi, ukaiika pa shelefu imafanana. Amene amadziwa kusiyana kwake ndi agogo amene aupereka, choncho afunsidwe tsiku lomwelo, mawu awo alembedwe m'Chichewa monga anenera.

Pa za Gule Wamkulu, amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005 ngati chikhalidwe chofunika kusungidwa, kaundula yekha sakwanira. Miyuziyamu ya Chamare ku Mua imaonetsa zigoba zambirimbiri, koma zimenezo sizipereka chilolezo kwa aliyense kuti achite chimodzimodzi. Mafumu ndi akuluakulu a kudambwe a dera lomwelo ndiwo anene choyenera kuonekera poyera, chofunika chipinda chotseka, ndi chimene sichiyenera kuchoka m'mudzi n'komwe.