Chidendene cha ambuya chandilanda peji

Eee, miyendo munaiona pa laivi yanga yophika pa Facebook ija ndi ya ambuya anga, manje musanandimalize m'magulu a WhatsApp imvani kaye mbali yanga.

Aliyense wodziwa za mapeji amakuuza kuti ukalonjeza laivi 18 hours (6 koloko madzulo) ikhale 18 hours tsiku ndi tsiku, kaya kugwe mvula kaya kuli maliro kwa aneba, ukangojomba anthu amakuiwala. Ine lamulo limeneli ndalisunga kuposa malamulo khumi. Kuyambira chilala cha 2024 chija madzi atachepa ku Kariba magetsi amabwera tili mtulo, koma ine foni ndimakatchajitsa ku babashopu ya sola ku Kapata, bandulo ndimagula ndi ndalama ya ndiwo, sindijomba.

Tsikulo ndinati ndiphike mbeba kuti a Bemba apeze poyambira kutinena. Foni ndaitsamiritsa pa mtondo, kuwala kwa sikirini ndatsitsiratu mpaka bii kuti batire isathe, wanzeru aliyense akanatero. Malasha ali psuu pa mbaula. Ndinalankhula inu! Kuwaula ubweya, kutumbula, kuwiritsa ndi mchere, kuumitsa pamoto, zonse ndi mawu a pa wailesi. Ndinafika potafuna kamchira pang'onopang'ono maso nditatsinzina, nkumati "mmm abale onani mmene yapsera, yang'aluka yokha, iyi ndi ya ku Katete iyi."

Kumeneko kamera ili yakumbuyo.

Anthu akumva "onani mmene yang'alukira" uku akuona chidendene cha ambuya atatambalala pamphasa pakhonde, akusenda nshawa. Nkhuku yathu yopanda nthenga pakhosi ija ikubwera, kujompha imodzi, kuthawa. Ambuya kuitukula patapata osaponya. Nkhuku kubweranso. Patapata m'mwamba. Kujompha. Ine kumbaliku ndikulimbikira "musathamange nayo, imafuna kudekha."

Masiku onse amaonera ndi asuweni anga ndi mzimayi wina wa ku Lundazi amene amangolemba "amen". Tsikuli Chipata yonse inalowa, mpaka a ku Mwami border. Wina akuti nkhuku ikutsogola 5-0, wina akufunsa ngati chidendenecho chimadyedwa ndi nsima.

Peji yakula, ndipo yakula chifukwa ine ndinalipo 18 hours, zimenezo palibe akuzinena. Ambuya akuti kuti aonekenso ndiziwagulira shuga ndi mafuta odzola kumapazi. Nkhuku tinadya Lamulungu, sindinawauze anthu. Lero ndi chibwabwa chotendera, kaya mubwera.