Njerwa yomwe inamwa madzi osamba a apongozi

Abale inu, ine ku Mabvuku kuno, mu Harare, dzina linasintha, ana a mu layini mwathu akungonditchula kuti bambo a njerwa, ndipo sindikana, ndinaziputa ndekha.

Zinayamba ndi tomato. Kuseri ndili ndi kadimba ka repu ndiye chaka chino ndinati nanenso ndifese mbande m'mathileyi ngati alimi enieni. Ndapita mtauni kukagula dothi la m'thumba lija, mnyamata wa mu shopu wanditulutsira la peat lochokera kunja, mphwanga amene ndinali naye, uja wa ku yunivesite, anangoti malume ayi musatero. Akuti peat amakumba m'madambo, ndi zomera zomwe zakhala zikuunjikana m'madzi zaka zikwizikwi osawolerathu, ndipo amakula milimita imodzi yokha pa chaka, ndiye masentimita 10 a m'kachitini ka mbande ndi zaka 100 zimenezo. Akakumba dambo limauma, mpweya woipa womwe unatsekeredwa pansi n'kuthawira kumwamba. Ine nkhani ya madambo imandikhudza, taona mmene a mu Harare muno akuthera ndi nyumba, ndiye ndinati chabwino aphunzitsi.

Mnyamata uja analowa mkati n'kubwera ndi njerwa. Yofiirira, youma gwa, makilo 5. Akuti iyi ndi coir, makoko a kokonati opera n'kupanikiza, yambiri imachokera ku India ndi Sri Lanka. "Mukafika mungoiviika m'madzi pang'ono bambo." Pang'ono eti! Mnyamata ameneyo Mulungu amuone.

Nanga si mukudziwa kuti kuno mpopi ukatsegula umangotulutsa mphepo. Mayi a kunyumba anali atadzuka 4 koloko m'bandakucha kukaima pamzere ku mjigo, anabwera ndi ndowa imodzi ya malita 20, ya apongozi anga aamuna omwe anafika usiku pa basi kuchokera ku Dedza, fumbi mpaka m'makutu. Ine osafunsa. Mumtima ndinati ndingoviika kanthawi, ndiivuule, madzi ndisefe, adziwa ndani. Ndinaiponyamo n'kuvundikira, ine uyo kukagula buledi, pa shopu napo ndinachedwa ndi mkangano wa timu ya mpira ya Dynamos.

Pobwera ndapeza chivundikiro chili pansi. M'ndowa mwatuluka chinthu chakuda ngati phala la mawere lopserera, chatutumuka mpaka kusefukira ndipo chakanirira, kukoka osatheka. Madzi? Ngakhale dontho. Kani njerwa imodzi yotere imamwa malita oposa 20 n'kufufuma kupitirira malita 60, zimenezi mphwanga anandiuza madzulo ake pa WhatsApp, ndi tizithunzi toseka.

Ndikutembenuka, apongozi aima chapatali, thawulo paphewa, sopo m'manja. Ine thukuta kamukamu ndinatenga chitenje cha mayi n'kuyamba kufinya, munatuluka kapu imodzi ya madzi ngati tiyi wopanda mkaka. Mayi atulukira, ayang'ana ndowa, ayang'ana chitenje chawo.

"Abambo, chimenechi mwaphikira ndani?"

Apongozi sanandiyankhule ine, ulemu wa kwathu uja. Anangofunsa mwana wawo motsitsa mawu, "Amayi, kodi kuno madzi akagona amaundana chonchi?"

Ku mjigo ndinapita ndekha tsiku limenelo, mwamuna yekhayekha pakati pa azimayi omwe nkhani inali itawafika kale. Ndipo sikamodzi, chifukwa coir ina imabwera ndi mchere, imafunika kutsuka usanafese. Maulendo anayi abale, kutsuka dothi, ine amene mbale yodyera sinditsuka.

Mbande zinamera bwino, chinthucho chimasunga chinyezi zoona, koma sabata yachitatu zinayamba chikasu chifukwa mu coir mulibe chakudya, umayenera kusakaniza ndi manyowa. Neba wanga amene anagwirapo ku mafamu a fodya anasuzumira pa mpanda n'kuti bwanji osangogula makungwa a paini owoleretsa, omwe alimi amafesera fodya m'mathileyi oyandama aja, ku Kutsaga, malo ofufuza za fodya, amapanga, mitengo yake ndi ya konkuno ku Nyanga ndi Chimanimani. Ndinangoti zikomo achimwene, mumadikira chani masiku onsewa.

Apongozi anakhala masabata atatu. M'mawa wina ndinawapeza akumba dzenje pakona, akuyala mapesi a chimanga, masamba ouma, zitosi za nkhuku, kaphulusa, dothi pamwamba, kenako kuyambiranso. Anauza mwana wawo kuti auze mkamwini asakhudze mpaka miyezi itatu, azingotembenuza, ndipo zitosi zaziwisi asayerekeze kuika pa mbande zimawotcha. Ine ndili pomwepo, khasu m'manja.

Ndowa ija inang'ambika pansi, ndinagula ina. Yatsopanoyo ikakhala ndi madzi mayi amaisunga kuchipinda, kiyi ali pa chitenje.