Usiku umene ndinagwidwa ndi thumba langa lomwe la simenti

Munthu akayamba kumanga nyumba amaphunzira kuwerenga zinthu zimene sanaziwerengepo chibadwire, ndipo ine ndinafika podziwa bwino chiwerengero cha matumba a simenti kuposa masiku amene ana anga anabadwa. Malo tinagula cha ku Njewa, chapatali pang'ono ndi msewu wa ku Mchinji, ife tikuchita lendi ku Kawale. Khoma linakwera motsatira malipiro a pamwezi mpaka kufika pa lintala, ndipo malata tinakhoma mothamanga kuopa kuti mvula ingatigwetsere njerwa zomwe tinamanga ndi dothi. Kenaka mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo inalumpha ntchito ya pansi ndi pulasitala tisanayiyambe n'komwe.

Mayi a kunyumba anatenga ngongole ku banki mkhonde, tinagula matumba 30 a makilogalamu 50, n'kuwatsekera m'chipinda cha ana chifukwa ndi chokhacho chimene chinali ndi chitseko. Loweruka lililonse ndinkapita kukaona ntchito, ndipo chinthu choyamba ndikafika chinali kuwerenga matumbawo. Tsiku lina amisiri anandiuza kuti agwiritsa ntchito matumba 6, koma m'chipindamo ndinapezamo 14 okha. Nditafunsa za matumba 10 enawo, iwo anali pamwamba pa makwerero, ndipo anangoyankha osacheuka kuti, "Abwana, musadandaule, ali pabwino." Aliyense amene anamangitsapo nyumba akudziwa kuti mmisiri akanena kuti usadandaule, nthawi yodandaula ndiye yakwana. Mayi sindinawauze kanthu, pakuti ndinafuna kuti ndidzawabweretsere wakuba ali wogwidwa kale.

Lachitatu lotsatira ndinatsanzika kuti ndikukagona pamaliro a m'bale wa mnzanga wa kuntchito. Ndinavala jekete lakale ndi chipewa, ndinatenga tochi ndi mpini wa khasu, ndipo wa kabaza ndinamuuza kuti anditsitse patali kuti phokoso la njinga lisachenjeze aliyense. Ndinadutsa m'minda ya chimanga mukuterera ndi mvula ya madzulo, ndipo nditafika ndinapeza khomo lalikulu lotsekedwa ndi lata komanso nthambi za minga. Alonda athu, amene mwezi uliwonse ankalumbira kuti sagona, panalibe. Ndinalowera pawindo la pabalaza, lomwe linali lisanaikidwe felemu.

Mapazi atangofika pansi ndinamva kufewa, koma popeza nsapato zinali kale ndi matope a m'munda, ndinati ndi omwewo. Tochi sindinayatse poopa kuoneka. Ndinayenda mpaka pakona pofuna pobisala, ndinaona kuti pamenepo sindingaone bwino khomo, ndinabwerera, kenaka ndinadutsanso pakati penipeni kupita kuchipinda cha ana. Kumeneko ndinatsegula ndi kiyi wanga, ndipo poti usiku unali wautali ndinaganiza zotenga thumba limodzi kuti ndikakhalire m'khonde la m'kati. Ndinali nditalikumbatira pachifuwa pamene galu anayamba kuuwa, wenzulo inalira, ndipo matochi anandiwalira kumaso kuchokera m'mawindo onse.

"Madala, tsitsani thumbalo pang'onopang'ono," anatero mtsogoleri wa achitetezo cha m'mudzi, chibonga chili m'manja.

Ndinayankha ndi mawu aulemu ndithu kuti nyumbayo ndi yanga ndipo simentiyo ndinagula ndekha. Anyamatawo anaseka mpaka wina anatsamira khoma. Mtsogoleriyo anati amene anamugwira mwezi wapitawo ananena kuti nyumba ndi ya amalume ake, koma ine ndaonjeza. Chitupa cha unzika ndinali nditachisiya m'thalauza la kuntchito, ndipo pepala logulira malo linali m'sutikesi ku Kawale. Kiyi amene ndinawaonetsa anangokulitsa mlandu, pakuti anati zikuonetsa kuti ndi kale ndinayamba.

Mtima unakhala pansi nditaona alonda akubwera, ngakhale kuti anatulukira njira ya kunyumba kwawo atafunda bulangete, uku akunena kuti akhala akundionera kuyambira pamene ndinalowa. Atafunsidwa ngati akundidziwa, anandiunika kumaso kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Nyumba ino ndi ya mayi ena a ku Kawale, ndi amene amandilipira. Bambo awa ndimawaona Loweruka lililonse, amangozungulirazungulira n'kumawerenga matumba. Ndinayamba kale kuwakayikira."

Anandiyendetsa mpaka kwa amfumu, mnyamata mmodzi atasenza thumba lija monga umboni. Ndinali ndi chikhulupiriro chifukwa amfumuwo ndi amene anachitira umboni pamene tinkagula malowo. Anatuluka ndi nyali, tinawapatsa moni titanjuta, ndipo atamva nkhani yonse anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Anati iwo akukumbukira bwino kuti amene anagula malo aja anali bambo wonenepa, wovala tayi, wa masaya osalala. Ndinawafotokozera kuti munthu ameneyo ndine ndemwe, kungoti nthawi imeneyo ndinali ndisanayambe kumanga. Amfumu anavomereza kuti kumanga kumaondetsadi, koma anati zimenezo pazokha si umboni, ndipo analamula kuti aimbire foni mayi a ku Kawalewo.

Mtsogoleri uja anaimba, n'kuika foni poti aliyense amve. Atafotokoza kuti agwira munthu amene akuti ndi mwamuna wawo, mayi anayankha mosatekeseka kuti, "Amuna anga ali kumaliro. Ngati ndinu aja oba ndalama pafoni, mwalemba m'madzi." Anadula, ndipo titayesanso foni inali yothima. Usiku umenewo ndinagona pamkeka m'khitchini ya amfumu, limodzi ndi mbuzi ziwiri zimene zinabisala mvula, mnyamata wa chibonga atakhala pakhomo.

Kutacha mayi anafika pamodzi ndi amisiri, amene anawauza kuti pamalo pachitika zachilendo. Anagwada kupereka moni kwa amfumu, anatembenuka kundiyang'ana, n'kufunsa mofatsa kuti, "Bambo a ana, kodi mwambo wa maliro uli nthawi yanji?" Kenaka anafotokozera bwalo lonse kuti m'chipinda cha ana munayamba kuchita chinyontho, ndipo simenti ikakoka chinyontho imauma n'kusanduka mwala ikadali m'thumba. Choncho anagwirizana ndi amisiri kuti matumba 10 akasungidwe kwa agogo oyandikana nafe, atasanjikidwa pamatabwa, ndipo otsalawo anali oti asamutsidwe sabata yomweyo. Anati anandiuza zimenezi Lamulungu lina masana. Nditafufuza ndinapeza kuti inali nthawi imene Bullets inkasewera ndi Wanderers pa wailesi, ndipo mpaka lero ndimaumirira kuti uthenga woperekedwa nthawi yoteroyo suwerengedwa.

Amene anali ndi chisoni chenicheni anali amisiri. Anatitengera kunyumba kuja, anachotsa minga ndi lata pakhomo, n'kuima pambali osanena kanthu. Dzulo lake anali atathira ndi kusalaza pansi pa balaza lonse, atawaza okusaidi wofiira, ndipo anamaliza dzuwa litalowa. Mingayo anaika kuti agalu ndi mbuzi zisalowe simenti isanagwire. Tsopano pabalazapo panali mapazi a nsapato zanga kuchokera pawindo kupita pakona, kuchokera pakona kubwerera pawindo, ndi mzere wina wodutsa pakati, wonse utauma gwa ngati kuti unali pa pulani. Pafupi ndi khomo la m'kati panalinso mapazi a anyamata awiri amene analowa kudzandigwira, koma amisiri anati amenewo alibe nawo mawu chifukwa anali pantchito. "Abwana, mbuzi ndinaziganizira," anatero, "koma inu ayi."

Anati simenti ikagwira siisalazikanso, ndipo kukonza kwake n'kusema ndi tchizulo n'kuthiranso ina pamwamba, zomwe zimafuna matumba atatu ndi malipiro apadera. Mayi anakana pomwepo, nati simenti yotsalayo ndi ya pulasitala, ndipo mapaziwo adikira mpaka ngongole ya banki mkhonde ithe. Anandilandanso kiyi wa chipinda cha ana pamaso pa anthu onse.

Amfumu anandilipiritsa nkhuku chifukwa chodzutsa mudzi usiku, ndipo anyamata achitetezo anapempha ya mabatire a tochi. Ndikutulutsa ndalamazo, alonda anandikokera pambali, anavula chipewa, n'kundiuza kuti popeza mwezi umenewu wakuba wagwidwa iwo ali pantchito, ndikawalankhulireko kwa mayi za kukweza malipiro.