Za chithunzi chija ndili chafufumimba pakhonde

Popeza chithunzi chija chafika kale m'mafoni mwanu, ndiloleni ndifotokoze ndekha musanathirepo mchere wanu. Munthu amene wagona chafufumimba pakhonde atapana nyongolotsi ndi timitengo tiwiri ndine ndithu, koma sindinkadya nyongolotsiyo. Ndinkangopereka chitsanzo.

Mayi amene ndimachita lendi kunyumba kwawo kuno ku North Carolina, m'dziko la America, anapita kukaona zidzukulu kwa masabata atatu, ndipo anandisiyira kamba wawo wa zaka zoposa 30. Ndi wa mtundu umene kuno amati box turtle, chifukwa chigoba chake cha kumimba chimapindika ngati chitseko n'kutsekera mutu ndi miyendo m'kati. Mu 1979 boma la dera lino linasankha mtunduwu kukhala chokwawa choimira dera lonse, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhaniyi inam'fika, chifukwa amayang'ana munthu ndi maso ake ofiirawo ngati nduna imene yasokonezedwa pamsonkhano. Ndinam'tcha Agogo.

Ndinawapatsa sitiroberi, Agogo anangoponda n'kudutsa. Ndinawapatsa bowa ndi dzira lowiritsa, iwo anatembenuka n'kuyang'ana khoma. Ndinakagula nyongolotsi kusitolo ya owedza nsomba, ine amene ndinakula ndikuzikumba ulere kudambo, ndipo ndinazisunga m'firiji pafupi ndi ndiwo zanga. Pepala la malangizo limene mayi aja anandisiyira linkati kuwaviika m'madzi ofunda kumawautsira njala, koma nditangowanyamula ndinadziwa kuti akuluakulu sankanama ponena kuti kamba amanyera yemwe wam'tola, ndipo malaya aja anali a kutchalitchi.

Pa tsiku lachisanu ndi chinayi ndinaganiza kuti mwina vuto ndi msinkhu wanga, choncho ndinagona pansi kuti tiyang'anane maso ndi maso. Ndinagwedeza nyongolotsi ija pang'onopang'ono, popeza akamba otere amakopeka ndi chinthu choyenda. Ndinaibweretsa pafupi ndi pakamwa panga, ndinatafuna mphepo mokweza, ndinameza malovu, kenako ndinati mwaulemu wonse, "Agogo, talawani pang'ono pokha, eni ake angandithamangitse m'nyumba." Iwo anatulutsa khosi, anayang'ana nyongolotsi, anayang'ana ine kwa nthawi yokwanira kuphika nyemba, kenako analowetsa mutu, mpweya n'kumveka kuti fyuu, chitseko chija n'kutsekeka. Ine ndinagogoda. Ndikuvomera, ndinagogoda pachigoba katatu ndi kunena kuti odi, ndipo apa m'pamene mnzanga wina, amene anabwera kudzanditenga popanda kuimba foni, anajambula.

Usiku womwewo ndinaimbira mayi aja nditakonzekera kupepesa maliro. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti ukafika mwezi wa Okutobala kamba ameneyu amayamba kukana chakudya chaka chilichonse, chifukwa thupi lake limakhala likukonzekera kugona nyengo yonse yozizira. Zimenezi sanazilembe papepala lija, ndipo inu amene mukusekanu mundiuze ngati munazidziwa.

Patapita masiku awiri kunagwa kamvula kofunda m'mawa, ndipo ndili kumanga zingwe za nsapato ndinaona Agogo akumeza nkhono yopanda chigoba imene anaipeza okha pansi pa sitepe. Sanandiyang'ane n'komwe. Nyongolotsi zija zikadali m'firiji, ngati alipo amene amawedza.