Valavu yosayimba: sabata ya ma rectifier pa shopu

Mu ampulifaya ya mavalavu (timababu tagalasi tokulitsa mawu) muli valavu imodzi imene nyimbo sizidutsamo n'komwe. Ntchito yake ndi kulandira magetsi ochokera mu thiransifoma, amene amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, n'kuwawongola kuti aziyenda njira imodzi asanakafike ku mavalavu oyimbawo. Imeneyi ndi rectifier. Sabata yathayi pa shopu yathu kuno ku Johannesburg, makina ambiri amene anafika patebulo panga nthenda yake inali pomwepa, ndipo nthendayo anachita kuibweretsa anthu ofunira makina awo zabwino.

Lolemba kunabwera Leak Stereo 20, ampulifaya ya ku England imene inayamba kupangidwa mu 1958: mavalavu ake ndi ma EL84 anayi, ma ECC83 atatu ndi rectifier ya GZ34 imodzi, mphamvu yake 10W mbali iliyonse. Eni ake ndi agogo ena amene anaigula ali mnyamata. Anati atangoiyatsa anaona moto ukuthetheka mkati mwa galasi la GZ34, masipika n'kulira kuti phwaa, iwo n'kuthamangira kukazula pulagi. Anachita bwino.

Nditaigadabuza n'kutsegula pansi, chifukwa chake chinali poyera. Wina amene anaikonzapo kale anachotsa kapasita (chosungira magetsi) yoyamba ya 32µF imene a Leak anaika, n'kuikapo yonyezimira ya 220µF. Maganizo ake ndikuwadziwa: kapasita ikakula, kung'ung'udza kwa m'masipika kumachepa. Koma pepala la malangizo a GZ34 limanena mosabisa kuti kapasita yoyamba isapitirire 60µF. Rectifier sidzaza kapasita nthawi yonse ayi. Imathiramo pakanthawi kochepa magetsi akafika pamwamba penipeni, maulendo 100 pa sekondi. Kapasita ikakula kanthawi kaja kamafupika, ndiye valavu iyenera kukankha magetsi ochuluka zedi nthawi imodzi. Zili ngati kutuma mwana kuti adzaze mgolo pamene madzi pampopi amangotuluka mphindi ziwiri. Ndipo GZ34 inapangidwa mothinana: cathode (chotulutsa magetsi) ndi mapuleti (zowalandira) zinayandikana kwambiri, n'chifukwa chake imangodya pafupifupi 17V pamene ikupereka 225mA. Kuyandikana komweko ndi kumene kumachititsa kuti ukaipanikiza moto udumphe.

Munthu yemweyo anawononganso chinthu chimene ine ndimachikonda pa makina amenewa. Pansi pa bolodi pali rezisita (chochepetsa magetsi) ya 100 ohm imene a Leak anaiwotcherera mwadala kuti ma EL84 akayamba kukoka magetsi mopitirira, izitentha, mtovu n'kusungunuka, iyo n'kugwa pansi, njira ya magetsi n'kuduka thiransifoma isanapse. Iye ataipeza itagwa anaona ngati ndi ulesi wa kufakitale. Anapinda miyendo yake, kuikoloweka, n'kuthirapo mtovu wambiri kuti isadzagwenso mpaka kalekale. Sanadzifunse kuti inagweranji. Inagwa chifukwa makapasita ang'onoang'ono olumikiza ECC83 ndi EL84 anali atayamba kudontha, zimene zimachitika ndi makapasita a pepala a zaka zimenezo.

Lachiwiri lonse linathera pa Leak yomweyo, ndili ndi mnyamata wathu wophunzira ntchito, wa ku Mangochi. Ndi wamanja abwino koma wothamanga. Titazula ma EL84 n'kuyesa kanthawi, anathimitsa, n'kutambasula dzanja kuti agwire.

"Ika mita kaye, mphwanga."

"Ankolo, ndathimitsa kale, pulagi ndi iyi ili m'manja mwangayi."

"Ika mita."

Mita inaonetsa kupitirira 300V. Mavalavu okoka magetsi atazulidwa, kapasita ilibe kotayira zimene yasunga. Anangoti kukamwa yasa, kenako anakatenga yekha waya wathu wa rezisita wotsitsira makapasita. Ndinamuonetsanso chifukwa chake variac (chipangizo chokwezera magetsi pang'onopang'ono) payokha imanamiza pa makina a rectifier ya valavu. Ukamakweza magetsi pang'onopang'ono, hita (waya wotenthetsa valavu) ya GZ34 imakhala isanatenthe, mita n'kumaonetsa ziro. Ukafika cha pakati valavu imadzuka, mphamvu n'kulowa yambiri nthawi imodzi m'makapasita amene umafuna kuwadzutsa mwaulemu. Ife tili ndi tsinde la valavu yakufa limene tinaikamo ma diode awiri, tizipangizo towongola magetsi osadikira kutentha. Timalowetsa limenelo m'soketi poyesa, pamodzi ndi babu loika pamzere wa magetsi, loti likawala kwambiri udziwe kuti penapake pagundana.

Lachitatu abwana anabwera ndi ma Quad II awiri ochokera pa nyumba ina ya maliro, ana akugulitsa katundu wa bambo awo. Peter Walker, amene anayambitsa kampani ya Quad, anatulutsa ampulifaya imeneyi mu 1953: ma KT66 awiri, ma EF86 awiri, rectifier ya GZ32 imodzi, 15W. Poti iliyonse imayimba mbali imodzi, ziyenera kufanana. Izi sizinkafanana. Ina inali ndi GZ34, inayo 5U4G yaikulu yamapewa.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amagwera. GZ32, GZ34, 5U4G, 5Y3GT ndi 5R4GY zonse zimalowa m'soketi imodzi ya miyendo isanu ndi itatu, hita pa mwendo 2 ndi 8, mapuleti pa 4 ndi 6, zonse za 5V. Munthu amati bola yalowa, bola yayaka. Koma hita ya GZ34 imakoka 1.9A, ya GZ32 pafupifupi 2.3A, pamene ya 5U4G imafuna 3A yathunthu. Thiransifoma ya Quad II imatentha kale ngakhale zonse zili bwino, ndipo inakwiriridwa mu phula mkati mwa chitini chake. Pansi pa imene inali ndi 5U4G phula linali litayenderera n'kuumira pa mawaya, chizindikiro choti yakhala ikuphikidwa kwa zaka. Chinanso, 5U4G ilibe cathode yapadera; waya wa hita womwewo ndi umene umatulutsa magetsi, choncho imadzuka m'masekondi awiri kapena atatu ma KT66 akadali ozizira. Pa nthawi imeneyo palibe chokoka, ndiye mphamvu imakwera pamwamba n'kumakankha makapasita okalamba. GZ32 ndi GZ34 zimatenga masekondi khumi kapena kuposerapo, zonse n'kudzukira limodzi. Kwa ine ubwino weniweni wa rectifier ya valavu ndi umenewu, ndipo suoneka pa chithunzi chilichonse chotsatsa malonda.

Inayo ya GZ34 vuto lake linali lotembenuza. Poti GZ34 imadya zochepa, mphamvu yofika ku ma KT66 imakwera. Pa rezisita ya 180 ohm ya ma cathode payenera kukhala cha m'ma 26V, kutanthauza kuti mavalavu awiriwo akukoka pafupifupi 144mA. Apa panali popitirira, mbali inayo poperewera. Malemuwo ankamvera ampulifaya ina yotopa ndi ina yothamanga magazi, mwina n'kumadandaula kuti khutu limodzi layamba kugontha.

Abwana ali ndi kabati imene kiyi wake sachoka m'thumba mwawo. Anatulutsamo ma GZ32 awiri akale. Pa makina athu oyesera a AVO, imodzi inali bwino mbali zonse ziwiri. Inayo puleti ina inali yamphamvu, ina yofooka. Yotereyi imayimba ndithu, koma imabweretsa kulira kwa 50Hz pamwamba pa kwa 100Hz kumene timakuyembekezera, ndiye munthu amatha tsiku akusakasaka waya wa earth wosalakwa. Tinaibweza m'kabati.

Lachinayi ndi limene linandidyera nthawi, osati ndi chowotcherera koma ndi pakamwa. Kunabwera bambo wina ndi ampulifaya yatsopano ya mavalavu a 300B, yolemera moti anainyamula awiri. Inabwera kuchokera kufakitale ndi 5U4G, koma iye anali ndi kabokosi ka ma rectifier osiyanasiyana, iliyonse yokulungidwa m'nsalu yake. Yomaliza kugula inali ya mtundu wa 274B, ndipo mtengo umene anatchula umaposa lendi yanga ya mwezi. Dandaulo lake linali loti ikumathetheka poyatsa, ndiye amafuna kalata yoti akabwezere wogulitsa.

Kalatayo sindinalembe. 274B ndi valavu ya Western Electric ya zaka za m'ma 1930, nthawi imene makapasita anali aang'ono, ndipo malire ake pa kapasita yoyamba ndi 4µF. Mu ampulifaya yake munali 47µF. Valavuyo inalibe mlandu.

"Koma imayimba mokoma kuposa zonsezi," anatero. "Mawu a woyimba amabwera pafupi. Kapena mukuti ndikulota?"

Sankalota, ndipo ndinamuuza choncho. Anzanga ena pantchitoyi amaseka anthu oterewa, amati rectifier singasinthe kalikonse. Imasintha. Tinaika GZ34 yake n'kuyeza, kenako 5U4G n'kuyezanso, iye akuyang'ana mita ndi maso ake: kusiyana kwake kunali cha m'ma 30V. Ukatsitsa mphamvu chotero, 300B imakoka mosiyana, imayamba kuphwanya mawu msanga, ndipo zokometsera zimene imawonjezera pa nyimbo zimasinthanso. Khutu labwino limamva zimenezo. Chimene ndimakana n'choti muli mankhwala ena ake m'galasimo amene mita singawaone. Zimene iye ankamva ndi ma volt, ndipo ma volt omwewo ndingamupatse ndi rezisita ya mtengo wochepa.

Anatchulanso za kufewa kumene anawerenga, koti mphamvu imagwa pang'ono nyimbo ikagunda mwamphamvu kenako n'kubwerera. Zimenezo n'zoona pa ampulifaya ya gitala ngati Fender Deluxe ya m'ma 1950 yokhala ndi 5Y3GT, ndipo oyimba gitala amazifuna dala. Koma yake ndi ya class A ya valavu imodzi mbali iliyonse, imene imakoka magetsi pafupifupi ofanana kaya nyimbo ili pansi kaya pamwamba. Kugwako kumachokera kuti? Ndipo pa makina omvetsera nyimbo kunyumba, cholinga n'choti mphamvu isagwedezeke. Ndinamukumbutsa kuti McIntosh MC275 ndi Marantz 8B, zimene anthu a mtundu wake amazitchula atavula chipewa, zilibe rectifier ya valavu. Zinatuluka kufakitale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 zili ndi ma diode a silicon. Apa anakhala chete pang'ono, kenako anati zimenezo n'zosiyana. Sindinalimbane naye. Wogula sumupanikiza mpaka kukhoma.

Tinagwirizana kuti ngati akufunadi 274B, ndiika kapasita ya 4µF patsogolo pa choke (koyilo yosefa magetsi), yaikuluyo ipite kumbuyo kwake, kenako ndiyezenso mmene ma 300B akukokera. Anavomera, ndipo analipira osanenerera.

Lachisanu masana magetsi anaphethira: kuthima masekondi ochepa n'kuyakanso. Mnyamata uja anadumpha kukazula Leak imene inali pa mayeso ndisanatsegule pakamwa. Kuphethira kotere ndi kumene kumapha ma rectifier ambiri kuno, kuposa ukalamba. Magetsi akathima, mavalavu otentha aja amakhuthula makapasita nthawi yomweyo, koma cathode ya GZ34 imakhala ikadali yofiira. Akabwerera, kudzuka pang'onopang'ono kuja kulibe. Valavu imakumana ndi kapasita yopanda kanthu ili maso kale. Ndimauza aliyense kuti magetsi akathima athimitse ampulifaya, adikire mphindi zingapo asanayatsenso. Amene akuwerenga ali ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka akudziwa kuti nkhaniyi ndi yawonso. Pa makina amene mwini wake walola, ndimaika diode ya UF4007 pa waya uliwonse wopita ku mwendo 4 ndi 6. Valavu imagwirabe ntchito yake yonse, imachedwetsabe kudzuka, koma ma diode aja amaithandiza kutsekereza magetsi obwerera m'mbuyo, ndipo itati yagundana mkati, magetsi opita uku ndi uku aja sakafika ku makapasita.

Chakumadzulo kunadutsa mnyamata wina ndi katoni ya mavalavu, ati ma GZ34 enieni a kampani ya Mullard, opangidwa ku Blackburn ku England. Chiyambire March 2022, pamene Russia inaletsa kutumiza kunja katundu wosiyanasiyana ndipo mitengo ya mavalavu inakwera dziko lonse, anthu a makatoni achuluka. Opanga mavalavu akuluakulu atsala ochepa: fakitale ya ku Saratov ku Russia, JJ Electronic ku Slovakia, ndi angapo ku China. Dzina la Mullard lenilenilo masiku ano limadindidwa movomerezeka pa mavalavu atsopano a ku Saratov, pamene fakitale ya ku Blackburn inasiya kalekale. Choncho dzina lopakidwa ndi penti silinena kanthu. Ndimayang'ana tizilembo totuwa todyeka m'galasi cha m'munsi, f31 kapena f32, ndi mzere wachiwiri woyamba ndi B. Pa khumi a m'katonimo, awiri okha anali nato. Imodzi mwa iwiriyo, siliva wa mkati mwa galasi anali atayera ngati phulusa, kutanthauza kuti mpweya unalowa. Tinagula imodzi yotsalayo titaiyesa, ndipo abwana anaitsekera m'kabati muja.

Loweruka timaweruka 1 koloko. Leak inali itayimba kuyambira m'mawa ndi GZ34 yatsopano wamba, kapasita ya 33µF, ndi rezisita ija yowotchereredwa mopepuka monga mwa poyamba. Pakhoma pathu mita imakonda kuonetsa 238V kapena 240V, ngakhale mwalamulo ndi 230V, choncho ndinasuntha posankhira magetsi kupita pa nambala yapamwamba kuti thiransifoma izipuma. Agogo aja atabwera anafunsa ngati ndaikamo Mullard. Ndinati ayi, ndipo ndinawauza mtengo wake. Anaseka, nati pa msinkhu wawo makutu sangabweze ndalama imeneyo. Ma Quad II akadali pashelefu, kudikira GZ32 yachiwiri imene abwana akuti mnzawo wa ku Durban ali nayo.